Makina otsukira mbale ochokera ku Joni asafere m'manja mwathu

Miyezi ya Novembala ndi Disembala ikafika, msewu wochokera kuchipata cha Mwanza kudzera pa Zalewa ndi Chingeni mpaka ku Balaka ndi Liwonde umadzadza ndi galimoto zokoka ngolo zomwe zasenza katundu mpaka kupendekeka. Amenewo ndi matransipota, akudzatula thukuta la ana athu omwe ali ku Joni: malata, matiresi, njinga, mawailesi, mafiriji ndi masitovu. Zaka zapitazi, pakati pa katunduyu payambanso kuoneka chibokosi choyera, chachifupi kuposa firiji, cha chitseko chotsegukira pansi komanso mashelefu awaya m'kati mwake. Ambiri akachiona amayesa uvuni. Amenewa ndi makina otsukira mbale.

Nthawi zambiri makinawa sagulidwa m'sitolo. Mnyamata kapena mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town amachita kupatsidwa ndi bwana wake yemwe wagula atsopano. Poti chaulere sachikana, amalipira transipota ndalama zankhaninkhani kuti makinawo adutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka akafike kwawo ku Ntaja, Nselema kapena Ulongwe. Koma mukayenda m'makomo momwe adafikira, mupeza kuti ambiri adasanduka kabati yosungiramo ufa ndi shuga, ena ali pakhonde nkhuku zikuikiramo mazira.

Ine ndimaphunzitsa Physics pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Machinga. Kumudzi kuno mphunzitsi wa sayansi amasanduka mmisiri wa chilichonse. Wailesi ikasiya kulira, tochi ikathima, batire la sola likakana kulowa moto, anthu amati kawaonetseni aphunzitsi. Mwa njira imeneyi ndatsegulapo makina otsukira mbale atatu, ndipo amodzi mwa iwo ndi a msuweni wanga yemwe ali ndi kalesitilanti ku Liwonde, omwe mpaka lero akugwira ntchito. Pa atatu onsewo, palibe omwe adali atafa ndi ukalamba. Zomwe zidawagwetsa ndi zinthu zitatu zomwe mwini wake angathe kuzisamala yekha: magetsi, madzi ndi nyenyeswa za chakudya.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Makinawa si achilendo padziko. Mayi wina wa ku America, Josephine Cochrane, adalembetsa m'kaundula wa boma makina ake otsukira mbale m'chaka cha 1886 ndipo adakawaonetsa pachionetsero chachikulu cha mumzinda wa Chicago mu 1893. Oyamba kuwagula adali eni mahotela ndi malo odyera, osati mabanja, kaamba koti nyumba zambiri panthawiyo zidalibe mipope ndi madzi otentha okwanira. Tikaona bwino, ife lero tili pomwe iwo adali nthawi imeneyo.

M'kati mwake mulibe manja otsuka mbale monga ena amaganizira. Mukatseka chitseko n'kuyatsa, valavu yoyendera magetsi imatseguka n'kulowetsa madzi ochepa pansi pa makinawo. Chitsulo chotenthetsera, chomwe amisiri amati elementi, chimatenthetsa madziwo kufika madigiri 50 mpaka 70. Kenako pampu imawakankha mwamphamvu kulowa m'mikono iwiri yokhala ndi timabowo. Madzi akamathovoka m'timabowomo mikonoyo imazungulira yokha n'kumamwaza madzi asopo pambale zonse. Madziwo amagwera pansi, kudutsa pasefa, n'kubwereranso kupampu. Pomaliza, pampu ina yaing'ono imataya madzi akuda, makina n'kutunga ena otsukuluzira.

Poti madzi omwewo amazungulira kambirimbiri, makina amasiku ano amatha malita 10 mpaka 15 okha pa ulendo umodzi, osakwana ndowa imodzi ya malita 20. Akalekale amamwa kuposa apa, komabe safika pa madzi omwe amatayika munthu akamatsuka mulu wa mbale pampope wotsegula. Mukamvetsa ulendo wa madziwu, mwamvetsa matenda onse a makinawa, pakuti vuto lililonse limakhala loti madzi sakulowa, sakutentha, sakumwazika kapena sakutuluka.

Ayenera ndani?

Pamenepa tiuzane zoona. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zomwe zimaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerochi n'chotsika kwambiri. Ngakhale ndondomeko ya MAREP yafikitsa mapolo m'misika yambiri yakumidzi, madzi a m'mipope sadafike nawo. Pakhomo pomwe madzi amachokera pamjigo ndi ndowa pamutu, makinawa sangagwire ntchito, pakuti sathiridwa madzi ndi kapu. Amafuna mpope wokankha madzi mwamphamvu. Pakhomo lotere beseni, sopo ndi thandala lomwe alangizi a zaumoyo amatilimbikitsa ndi zomwe zili zoyenera, ndipo dzuwa la ku Machinga limaumitsa mbale popanda kudula yuniti ngakhale imodzi.

Choncho m'bale wanu akaimba foni kuti bwana wandipatsa makina otsukira mbale, nditumize kodi, muyambe mwamufunsa kuti transipota akufuna zingati. Ngati pakhomo palibe mpope, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku makina osokera, firiji kapena sola. Makinawo akhoza kuwagulitsa konko.

Koma m'matauni monga Liwonde ndi Balaka, komwe bungwe la Southern Region Water Board limapereka madzi a m'mipope, nkhani ndi ina. Malo odyera, malo ogona alendo ndi nyumba za anthu ambiri zikhoza kupindula nawo. Tisaiwale kuti mliri wa kolera womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno udayamba kudziwika m'boma lathu lino la Machinga mu Marichi 2022. Aliyense yemwe adasuzumirako kuseri kwa malo odyera a m'misika akudziwa beseni lija la madzi otuwa, momwe mbale ya munthu woyamba ndi ya munthu wa nambala 50 zimaviikidwa mofanana. Madzi otentha madigiri 60 kapena kuposa, kuphatikiza sopo wamphamvu, amapha tizilombo tambiri totsekula m'mimba. Kwa mwini lesitilanti, makina akale ogwira bwino ntchito amateteza makasitomala ndi mbiri ya bizinesi yomwe.

Magetsi: yambani ndi pulagi

Mwayi womwe tili nawo ndi woti magetsi a ku South Africa ndi athu ndi ofanana mphamvu, 230 volts. Chosiyana ndi pulagi. Yakumeneko ili ndi mano atatu obulungira, pomwe yathu ili ndi mano atatu amakonamakona komanso fyuzi m'kati. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapalamulira. Ena amagula kadaputala kotchipa pamsika, ena amadula pulagi n'kusomeka mawaya awiri m'soketi n'kutsekera ndi kamtengo ka machesi.

Makina otsukira mbale si chaja ya foni. Elementi yake imakoka mphamvu pafupifupi 2,000 watts, chimodzimodzi ketulo yamagetsi, ndipo imatero kwa nthawi yaitali. Kadaputala kotchipa kamatentha, kusungunuka, mwinanso kuyatsa nyumba. Gulani pulagi yabwino ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13 amps ndipo ilumikizidwe moyenera: waya wabulauni kumoto, wabuluu kumbali inayo, ndipo wa mizere yobiriwira ndi yachikasu kudzino lalitali la pamwamba lija.

Waya wachitatuyu ambiri amaudula ati ulibe ntchito, chonsecho ndi umene umapulumutsa moyo. Makinawa ndi chitsulo chodzadza madzi, ndipo wowagwira amakhala ndi manja onyowa, nthawi zina ali chosavala nsapato pasimenti. Waya wamoto ukakhudza thupi la makina, waya wachitatuwu ndi umene umatenga magetsiwo kupita nawo pansi kuti fyuzi iphulike munthu asanagwidwe. Nyumba zambiri zalendi zidalowetsedwa mawaya mwachinyengo moti dzino lachitatu la soketi silidalumikizidwe kulikonse. Itanani wamagetsi wa chiphaso ayeze musanayambe kugwiritsa ntchito makinawo. Mukamva kunyerenyetsa pogwira chitseko, ngakhale pang'ono, zimitsani pomwepo.

Mdani wina ndi kuthimathima kwa magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire womwewu, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima womwe udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 pomwe Kapichira idaonongeka n'kutichotsera pafupifupi 130 megawatts. Magetsi akamabwerera atathima, nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola muyezo kwa kanthawi kochepa, ndipo kanthawi komweko n'kokwanira kutentha bolodi, ubongo wa makina amakono. Mankhwala ake ndi osavuta. Magetsi akathima zimitsani pasoketi, ndipo akayaka dikirani mphindi zisanu musanayatsenso. Kabokosi koteteza komwe timaika pafiriji kamathandizanso, bola kakhale kolembedwa kuti kamapirira 13 amps. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera zulani pulagi.

Za mayunitsi, ulendo umodzi umadya yuniti imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo gawo lalikulu limathera kutenthetsa madzi. N'chifukwa chake si nzeru kuyatsa makina chifukwa cha mbale zinayi. Dikirani adzadze. Pa sola yaing'ono ya panyumba, yoyatsira mababu ndi wailesi yakanema, musayerekeze n'komwe.

Madzi: mphamvu yake ndi mchere wake

Makina a msuweni wanga atangofika, adakhala miyezi iwiri osagwira ntchito. Akayatsa ankangolira kwa mphindi zingapo n'kuzima, kagetsi kofiira kakuphethira. Mmisiri wina adawauza kuti bolodi yapsa, ayitanitse ina ku Joni. Tsiku lomwe ndidapitako adandilandira ndi madandaulo.

“Asuweni, chinthuchi chandidyera ndalama yambiri pa transipoti. Ngati chafa ndiuzeni ndikagulitse kwa azitsulo.”

Ndidafunsa komwe madzi ake amachokera, ndipo adandilozera thanki yomwe idali pamwamba pa chipilala chosapitirira mamita awiri. Vuto lidali pomwepo. Mphamvu ya madzi a m'thanki imadalira kutalika kwa pomwe thankiyo yakhala, osati kukula kwake. Makina ambiri amafuna mphamvu yofanana ndi thanki yokwezedwa mamita osachepera asanu, ena mpaka khumi. Madzi akamalowa mwaulesi, makina amadikira nthawi yomwe adawaikira, ikatha amaganiza kuti mpope ndi wouma n'kudzizimitsa. Titalumikiza paipi yake kumpope wochokera kumita mwachindunji, makinawo adatunga madzi n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Komwe madzi a m'mipope amafooka masana, yatsani makinawo usiku kapena m'mamawa.

Chachiwiri ndi dothi. Nyengo ya mvula, kapena paipi ikaphulika n'kukonzedwa, madzi amabwera ndi mchenga. Pomwe paipi ya makina imamangidwa kumpope pali kasefa kakang'ono ngati chipewa cha chala. Tsekani mpope, masulani paipiyo, zulani kasefako ndi pulayala n'kukatsuka ndi mswachi wakale. Mukachita zimenezi kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, valavu idzakhalitsa.

Chachitatu ndi mchere wa m'madzi. Anthu a ku Balaka akudziwa madzi a m'mijigo ndi zitsime zina omwe sachita thovu msanga ndi sopo ndipo amasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo. Zoyerazo ndi laimu wochokera m'miyala ya pansi panthaka. M'makina otsukira mbale laimuyu amakuta elementi mpaka kupsa, amatseka timabowo ta mikono ndipo amasiya matambula ali mbuu. Makina ambiri ochokera ku South Africa ali ndi chosungiramo mchere pansi pake, chokhala ndi chivindikiro chopotokola. Mcherewo sutsuka mbale ayi. Ntchito yake n'kutsitsimutsa timikanda tomwe timagwira laimu madzi asanalowe. Umafunika mchere wake wa makinawa, wa miyalamiyala komanso woyera bwino, womwe umapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe. Mchere wa pamsika umakhala ndi fumbi ndi timiyala, ndipo wa patebulo amauthira zina zoti usagwirane, zomwe zimatseka njira za madzi.

Kamodzi pa mwezi kapena iwiri, ikani kapu ya viniga woyera choimika pashelefu ya pamwamba, makina ali opanda mbale, n'kuwayatsa pa madzi otentha kwambiri. Viniga amasungunula laimu monga momwe madzi a mandimu amayeretsera ketulo. Osachita tsiku ndi tsiku, pakuti asidi wochuluka amafooketsa malabala.

Nsima, minga ndi sopo

Omwe adapanga makinawa sankaganiza za nsima. Nsima yotsalira m'mbale ikalowa m'madzi otentha imasanduka phala lomata lomwe limatseka sefa, ndipo ikauma imalimba ngati simenti. Mpunga umalowa m'timabowo ta mikono n'kufufuma momwemo. Minga ya chambo, mitu ya usipa ndi matemba, timafupa ta nkhuku ndi timitengo totokosera m'mano zimatsikira kupampu yotaya madzi n'kukaimitsa kampeni kake kozungulira. Lamulo loyamba tsono n'lakuti mbale iliyonse ipalidwe bwino isanalowe. Sipafunika kuitsuka, kungopala basi.

Sefa ya pansi ija imazuka mukaipotokola. Panyumba itsukeni kamodzi pa sabata, koma palesitilanti tsiku lililonse madzulo. Mikono nayo imamasuka mosavuta. Iyang'anitseni kudzuwa ndipo bowo lililonse lotsekeka mulitokose ndi kawaya kopyapyala, kenako mutsukuluze pampope. Musanatseke chitseko, zungulitsani mikonoyo ndi dzanja kuti muone ngati siikugunda mbale yaitali kapena chogwirira cha poto. Labala wozungulira chitseko mupukuteni ndi kansalu konyowa, makamaka m'munsi momwe mumabisala mafuta.

Pali ziwiya zina zomwe malo ake si m'makinamu. Mphika wa nsima wa nkhoko zake umafuna kuviikidwa ndi kupalidwa pamanja monga mwa kale. Poto wophikira pankhuni kapena pambaula amadetsa makina onse ndi mwaye. Mapoto a aluminiyamu amada ndi sopo wa makinawa, mthiko ndi chipande zimang'aluka, ndipo mbale zapulasitiki zotchipa zimapindika ndi kutentha. Makinawa ndi a mbale zadothi ndi zachitsulo, makapu, matambula, masupuni ndi mafoloko.

Nkhani ya sopo ndiyo yavutitsa ambiri. Sopo wochapira zovala waufa, sopo wamtanda ngakhalenso wamadzi wotsukira mbale pamanja, onsewa amachita thovu. M'makina momwe madzi akumenyedwa ndi pampu, thovulo limafufuma mpaka kutulukira pachitseko, kutsikira pansi pomwe pali mota ndi mawaya. Pampu nayo ikamakoka thovu m'malo mwa madzi imatha msanga. Makinawa ali ndi sopo wakewake wosachita thovu, waufa kapena wa timibulu. Ndi wodula, ndipo m'magolosale a kwathu kuno sapezeka wamba, choncho amene akuganiza zokhala ndi makinawa awerengeretu mtengo umenewu. Sopoyu ndi waukali, amawotcha m'kamwa ndi m'maso, ndipo timibulu take timaoneka ngati maswiti. Musungeni patali ndi ana.

Adani ena ndi makoswe ndi mphemvu. Pansi pa makina pamakhala pofunda komanso ponyowa. Makoswe amatafuna mapaipi ndi mawaya, pomwe mphemvu zimamanga mudzi pabolodi mpaka kuiwotcha. Kokani makinawo kamodzi pa mwezi n'kusesa kuseri kwake, ndipo tsekani bowo la pakhoma pomwe padutsa mapaipi. Mukatha kutsuka siyani chitseko chotsegula pang'ono kuti m'kati muume. Makina okhala nthawi yaitali osayatsidwa amauma malabala ndipo pampu imagwirana, choncho ngakhale ntchito itachepa, ayatseni kamodzi pa sabata ziwiri.

Akadwala, yambani ndi zotchipa

Musanamasule sikuluwu iliyonse, zulani pulagi ndi kutseka mpope. Kuzimitsa pabatani pokha sikukwanira. Mukatero yambani kufufuza kuchokera pa chinthu chotchipa kupita pa chodula.

Makina akangoti zii osayaka, yesani soketiyo ndi chipangizo china, kenako onani fyuzi ya m'pulagi. Zikakhala bwino, mvetserani ngati chitseko chikulira kuti khethe potseka, pakuti pali kaswitchi komwe kamaletsa makina kuyamba chitseko chisanagwire. Akamayaka koma osatunga madzi, onani mpope, paipi ngati yapindika, ndi kasefa kaja. Madzi akamatsalira pansi, kapani ndi kapu, chotsani sefa, ndipo pansi pake mupeza kachivindikiro ka pampu. Pisani mosamala poti nthawi zambiri mumakhala magalasi osweka. Onaninso paipi yotaya madzi ngati yatsekeka ndi mafuta oundana. Mbale zikamatuluka zakuda, vuto limakhala sefa, timabowo ta mikono kapena kupanikiza mbale mothithikana.

Mbale zikamatuluka zozizira ndi zamafuta, ganizirani elementi. Mmisiri aliyense wa mawailesi ali ndi mita yoyezera ndipo atha kuiyeza. Elementi yamoyo ya 2,000 watts imaonetsa pakati pa 25 ndi 30 ohms, pomwe yakupsa siionetsa kanthu. Ana anga a Fomu 4 amadziwa kuwerengera nambala imeneyi pa bolodi la m'kalasi, ndipo amadabwa ndikawauza kuti samu yomweyo ndi yomwe imadyetsa amisiri m'tauni.

Pali vuto lina lomwe limapusitsa anthu. Makina amangopopa madzi osaleka, ngakhale m'kati mulibe dontho, ndipo amakana china chilichonse. Makina ambiri ali ndi thireyi pansi penipeni yokhala ndi kachinthu koyandama. Madzi akadontha n'kudzadza m'thireyimo, kachinthuko kamakwera n'kuuza makina kuti kwasefukira. Kupukuta madziwo kumawadzutsa, koma muyenera kupeza pomwe pakudontha, kaya ndi labala wa chitseko, paipi yotafunidwa kapena thovu la sopo wolakwika.

Bolodi ikhale yomaliza kuiganizira. Mmisiri akangofika n'kunena kuti bolodi yapsa asanatsegule sefa kapena kuyeza elementi, mufunseni akuonetseni pomwe papsa. Ndipo chilichonse chomwe wachotsa n'kuikapo china, chakalecho akusiyireni m'manja.

Masipeya ndi tsiku losiya

Masipeya a makinawa sapezeka ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo ngakhale ku Limbe muyenera kuyendayenda. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Njira yomwe imathandiza ndi yomwe makinawo adadzera. M'mphepete mwa chitseko muli kachikalata kolembedwa dzina ndi nambala ya mtundu wa makinawo. Kajambuleni pafoni pamodzi ndi chitsulo chomwe chaonongekacho, n'kutumiza pa WhatsApp kwa m'bale wa ku Joni. Valavu, pampu yotaya madzi kapena labala wa chitseko ndi zinthu zazing'ono zokwana m'chikwama cha munthu wobwera pabasi. Makina a Defy, omwe ndi kampani ya konko, komanso a Bosch, masipeya ake savuta kwenikweni kumeneko poyerekeza ndi mitundu yosadziwika.

Kwa amene akusankha, makina akalekale okhala ndi chopotokola m'malo mwa mabatani ambirimbiri ndi kagalasi ka manambala ndi amene amapirira kwathu kuno. Amamwa madzi ochulukirapo, koma alibe zambiri zoti n'kupsa magetsi akabwera mwaukali, ndipo mmisiri wa pamsika amatha kuwatsata ndi maso. Musanalipire transipota, m'bale wanuyo awayatse konko ulendo wathunthu, aone ngati akutunga, kutenthetsa ndi kutaya madzi, komanso asuzumire pansi ngati pali dzimbiri. Asaiwale mapaipi ake awiri ndi kabasiketi ka masupuni.

Maiko a ku Ulaya adaona kuti kutaya makina chifukwa cha kachitsulo kamodzi n'kuononga. Kuyambira mu Marichi 2021, malamulo a European Union amakakamiza opanga makina otsukira mbale, ochapira zovala ndi mafiriji kuti masipeya ake azipezeka kwa zaka 7 mpaka 10. Ngati anthu olemera ayamba kuumirira kukonza, kuli bwanji ife amene timalandira zomwe iwo atopa nazo?

Komabe pali nthawi yovomereza kuti chakufa sichiopa kununkha. Thupi la makina likabooka ndi dzimbiri, kapena mota yaikulu ndi bolodi zikapsera limodzi, mtengo wokonzera umaposa phindu lake. Zikatero musataye kudzala. Mapampu, valavu ndi mikono gulitsani kwa amisiri kuti zikadzutse makina ena. Mashelefu ake amakhala thandala labwino kwambiri. Chomwe ndikupempha n'chakuti ana asamawotche mawaya pofuna kopa, pakuti utsi wa pulasitiki umenewo ndi poizoni m'mapapo.

Pempho langa lomaliza likupita ku TEVETA ndi sukulu zaluso za m'madera. Katundu wamagetsi wochokera ku Joni sasiya kubwera, ndipo m'maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi ndi momwe amatsikira wochuluka. Amisiri a mafiriji ndi mawailesi tili nawo, koma odziwa makina ochapira zovala ndi otsukira mbale ndi osowa, moti kavuto ka sefa kamatha ndi chigamulo choti makina afa. Chaka chilichonse timatulutsa achinyamata a Fomu 4 omwe samapeza malo kuyunivesite, ndipo ambiri a iwo maso amakhala ali pa pasipoti. Atati aphunzitsidwe kwa miyezi yochepa chabe kagwiridwe ka mita yoyezera, kalumikizidwe ka waya wopita pansi ndi ulendo wa madzi m'makinawa, ena mwa iwo akhoza kupeza chochita pompano pa Liwonde, kukonza zomwe akulu awo adatumiza.